Mvuu za pa Dziwe la Nyamphembe

Kwa Mlolo
9 Epulo, 1922

Kwa mlongo wanga Anderson, ku Blantyre,

Moni, iwe wa kumapiri. Ndine mkulu wako Filomena, ngati udakandikumbukira. Cholembera chili m'manja mwa alamu ako a Shadreck, ine ndikungoyankhula, ndiye ukapeza mawu ofewa m'kalata muno udziwe kuti si anga. Uli bwanji? Chifuwa chija chidakusiya? Ife kuno tilipo, kungoti tilipo.

Mvula idatithawa mu Januwale. Mapira a kumtunda adapsa asanafike m'chiuno, moti anthu ayamba kale kulowa m'dambo kukazula nyika, mizu ija ya maluwa a m'madzi, Epulo uno! Chaka chabwino nyika timaikumbukira mu Disembala. Moyo wathu wonse tsopano uli ku dimba lija la m'mbali mwa dziwe la Nyamphembe. Tidabzala chimanga, mbatata ndi maungu, ndipo zamera bwino chifukwa pansi pali chinyezi. Dimbali likacha, ine, ana ndi ababa tidzaona mvula ina. Likapita, sindidziwa.

Vuto ndi mvuu. Madambo ena aphwa, ndiye zonse zasamukira m'dziwe lathu, ndi ana omwe. Kukacha timapeza mapazi m'mizere yonse, chimanga chometedwa ngati mutu wa namfedwa. Tikusinthana kulonda, tikuimba zitini mpaka manja kutupa, koma izo zazolowera, zimangotiyang'ana.

Ababa atsitsa mkondo wawo wa chingwe pa tsindwi, ali kalikiliki kunola. Ndidati, ababa, pa msinkhu wanuwu? Adati mphodzo sakalamba, chimakalamba ndi chingwe. Chawagwira mwendo n'chimodzi: mwambo wa aphodzo, osaka mvuu, sulola munthu kubaya popanda womupalasira bwato wa magazi ake. Abale awo adatha ndi mliri wa chimfine uja, mwana wamwamuna ndiwe wekha. Alamu akowa ndi akamwini, ndiponso madzi amawaopa. Akuti saopa. Alembe zimenezo, koma ndi bodza.

Iwe umagwira ntchito kwa mzungu woyang'anira nyama zakutchire, mfuti umazipukuta tsiku ndi tsiku. Kodi sungamuuze? Igwe mvuu imodzi yokha, zinazo zidzasamuka zokha, ndi mmene zimachitira. Ukapeza wobwera kuno utitumizireko mchere ndi ufa, ngakhale wa m'kathumba.

Ndine mlongo wako,
Filomena


Blantyre
14 Meyi, 1922

Okondedwa achemwali,

Kalata yanu ndailandira ndi manja awiri, ngakhale idayenda ngati nkhono. Moni kwa ababa, alamu ndi ana. Chifuwa chidatha, koma kuzizira kwa kuno sindikuzolowera mpaka lero. Za njalazo zandisowetsa tulo. Ufa ndi mchere ndapatsira Maclean, mnzanga wa mu sitima ya pamtunda, adzakusiyirani ku Chiromo.

Tsopano imvani zabwino. Nyengo ya alendo yayandikira. Chaka chilichonse mvula ikatha bwana wanga amatsikira kuchigwa kukayendera nyama, ndipo amatenga anzake ochokera kutsidya kwa nyanja. Tidzayambira ku Chikwawa kuwedza ncheni mu Shire, ndi ndodo zawo zija za kagudumu kokulungira chingwe. Kenako kwa Maseya kukaona njati ndi agwape aja otchedwa boo, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka kwathuko cha mu Okutobala.

Lachitatu ndikupukuta mfuti ndidalimba mtima, ndidati, bwana, kwathu kuli mvuu zosawerengeka. Achemwali, mukadaona nkhope yake! Adasiya tiyi, adatambasula mapu, adati ndiloze. Adafunsa ngati zili ndi ana, ndidati zili nawo. Adafunsa ngati pali malo okwera oti munthu n'kuimapo n'kumaziona bwino, ndidamuuza za chulu chija cha pafupi ndi dimba lathu. Adandimenya paphewa, adati ndine munthu wa maso. Za chimanga sindidafikepo kwenikweni, pajatu wamkulu akakondwa sumudula mawu, koma mvuuzo wazidziwa ndipo dzina la dziwe walilemba.

Ndiye auzeni ababa abweze mkondo pa tsindwi. Mfuti zikubwera, mwana wawo ali patsogolo.

Ine mlongo wanu,
Anderson


Kwa Mlolo
25 Juni, 1922

Anderson,

Moni sindikupatsa wambiri, ndilibe. Ufa tidalandira, takhuta.

Kodi iwe, mzungu wakoyo udakamuuza chiyani? Lolemba kudabwera amesenjala awiri a ku boma, adakhoma thabwa pa mtengo wa pa chulu paja. Alamu ako adatiwerengera. Akuti dziwe la Nyamphembe ndi losungiramo mvuu, wobaya mvuu pano adzamangidwa. Adalowa mpaka m'nyumba ya ababa, adauyang'ana mkondo uja, adati, agogo, ichi chikhale chokongoletsa nyumba. Pochoka adauza mudzi wonse kuti malowa adalozera ndi mwana wa pompano. Padooko akazi anzanga akandiona amasiya kucheza. Ndikuyenda chowerama ngati ndaba nkhuku.

Walira mvula walira matope, ndikudziwa, wopempha ndidali ine. Koma iwe pakamwa udali napo! Mawu oti chimanga adakukakamira pati? Chimanga choyamba chija chatha chonse. Tabzalanso pomwe madzi atsika, ndipo imeneyi ndi mbewu yotsiriza, m'chigulu mulibenso ngakhale njere.

Ababa akuti awa alembedwe monga akunenera.

Mwana wanga Anderson. Ndine bambo wako Hilario. Thabwa ndaliona. Kuwerenga sindidziwa, mvuunso sizidziwa. Nkhafi ndidakuphunzitsa usanagule mano. Bwera undipalasire m'mawa umodzi wokha. Kubaya ndibaya ine, kundende ndipita ine, iwe udzabwerera kwa mzungu wako manja ali oyera. Adzukulu anga akuonda ine ndikuona. Ndatha.

Wamva wekha. Yankha msanga.

Filomena


Pa msasa, kufupi ndi Chikwawa
23 Julayi, 1922

Achemwali, alamu, ndi inu ababa,

Ndikupereka moni ndi manyazi. Kalata yanu idandipeza m'bwato, ndipo nditaiwerenga ndidalephera kumangira nyambo pa mbedza, mpaka mlendo wina adandifunsa ngati ndili ndi malungo.

Ine ndidali ndi chikhulupiriro kuti mzungu akafunsa za nyama ndiye kuti akufuna kuwombera, monga ankachitira azungu a m'masitima a pamadzi aja ababa ali anyamata. Awa ndi ena. Pali dona wina wanyamula bokosi lojambulira, amadzifunditsa nsalu yakuda n'kudikira dzuwa lonse kuti njati itukule mutu. Amuna akagwira ncheni amalimbana nayo mpaka thukuta, kenako amaipachika pa sikelo, n'kuijambula, n'kutipatsa ife. Kudya sadya, akuti minga. Bwana wanga akuti mvuu za mu Shire zidatha ndi mfuti, ndipo pomwe zatsala zambiri pamodzi payenera kutetezedwa. Alendo onsewa akungokamba za Nyamphembe, akuti ndiye pachimake pa ulendo. Akamatchula dzinali amandiyang'ana n'kumwetulira, ine ndimangoyang'ana pansi.

Ababa, mawu anu ndamva, ndipo andilasa. Nkhafi sindidaiwale. Koma taganizani. Mvuu ikabayidwa pa dziwe lija, woyamba kufunsidwa ndine, ndipo wotumidwa kudzaloza nyumba ya mphodzo ndinenso. Bwato silibisika, wopalasa aliyense adzamuona. Tikamangidwa tonse awiri, ufa womwe ndimatumizawu udzachokera kuti? Ndikupemphani, lezani mtima. Ndikufunafuna tsiku loti bwana ali yekha ndimufotokozere za njala bwinobwino, tsopano osaopa.

Pakadali pano kumbani ngalande yakuya kuzungulira dimba, mvuu sikonda kudumpha. Sonkhani moto mbali ya ku dziwe. Ndatumiza mtolo wa ncheni zouma pa bwato la thonje lopita ku Chiromo. Ana Luisa ndi Priska adyeko, muwachotsere minga.

Ndiyankheni, tulo sindikuliona.

Anderson


Kwa Mlolo
13 Ogasiti, 1922

Mlongo wanga,

Moni. Ukaona zolemba zasintha usadabwe, akulemba ndi aphunzitsi a Geresomo a pa tchalitchi pathu. Alamu ako adachoka. Adapita ndi anzawo ku minda ya nzimbe ya Apwitikizi ku Zambezi, akuti kumeneko amalipira ndi ufa. Sindidawaletse, ndikadawaletsa ndi chiyani? Sindidziwa komwe wafika ndi alendo akowo, ndiye kalatayi ndikuitumiza ku Blantyre, akutsatire nayo.

Nsomba zidafika. Ngalande tidakumba, ine ndi ababa, masiku ambiri, ndi mimba zopanda kanthu. Mvuu zidagumula mbali imodzi, tsopano ngalande yako ndiyo msewu wawo. Pali ina yaikazi, ya khutu lodukaduka, ili ndi kamwana. Imeneyo ndiyo imatsogolera, siopa moto, siopa chitini. Theka la chimanga chachiwiri lapita. Chotsalacho chafika m'khosi, chokongola, mwina n'chifukwa chake ndikachiyang'ana ndimalira.

Luisa watupa mapazi. Ukadina chala pamakhala dzenje. Priska salira, amangogona, ndipo kusalirako ndiko kukundiopsa.

Ababa adamva yankho lako. Adangopachika mkondo. Amapita pa chulu m'mawa, amakhala pansi pa thabwa lija kuyang'ana madzi mpaka dzuwa kupendeka. Nyika yawo amagawira ana, akuti mano awo saikwanitsa. Ndi bodza, mano ali nawo.

Dziwanso izi. Alamu ako ankayamba awerenga kalata okha, n'kusankha zotiuza. Tsopano makalata amatiwerengera aphunzitsi Lamulungu tikatuluka m'mapemphero, pabwalo, aliyense akumva, ababa ali kutsogolo chifukwa cha makutu awo. Ndiye polemba uzisamala lilime.

Bwana wako wamuuza? Wati chiyani?

Filomena


Pa msasa, kwa Maseya
3 Sepitembala, 1922

Alamu a Shadreck ndi achemwali,

Moni nonse. Bwanji mwangoti zii? Chiyambire Julayi sindidalandire kanthu. Kodi mwandikwiyira, kapena kwagwa zina? Munthu aliyense wochokera kumunsi ndimamufunsa za kwa Mlolo, amangoti njala, njala.

Dzulo ndidamupeza bwana ali yekha, alendo atapita kukaona boo. Ndidavula chipewa, ndidagwada, ndidamuuza zonse: mvula, nyika, mbewu yotsiriza, ana. Sadandikalipire ayi. Adamvetsera, adati pepani, adati adzalembera ku boma za chakudya cha njala. Koma za mvuu adakana. Akuti chimanga chimamera chaka ndi chaka, mvuu zikatha zatha. Akuti akalola kwathu, mudzi uliwonse wa m'mbali mwa Shire udzabwera ndi nkhani yomweyo.

Ndidati, bwana, ndiye palibe njira ngakhale imodzi? Adati ilipo imodzi yokha. Mvuu ikapha munthu, a ku boma amatumiza asilikali kukaiwombera osadikira chilolezo cha wina aliyense. Kudya munda si mlandu.

Mwamva, alamu? Mwana akafa ndi njala chifukwa mvuu yadya dimba, mvuuyo ilibe mlandu. Lamulo likufuna mtembo wa mabala a mano. Pafe munthu mmodzi pa dziwe paja, mawa lake mfuti zilira, dimba lipulumuka. Popanda maliro, tizingoimba zitini mpaka tonse tithe. Ndi ntchito imeneyi yomwe ndimaivalira yunifolomu, n'kumadzitcha munthu wa maso. Ndikulemba misozi ili m'maso, ndipo ndadzida.

Mawa tikukwera kumtunda kwa mathithi a Kapichira, alendo amva kuti kuli njovu. Tikabwerako ndiye ulendo wa ku Chiromo. Ndikafika ndidzalonda nanu, ngakhale andichotse ntchito.

Alamu, izi ndalemba mtima uli pa moto. Muwerenge nokha monga mumachitira. Achemwali muwauze zochepa, koma ababa musawauze kanthu, mukuwadziwa mmene alili. Mungoti mwana wawo akubwera.

Mlamu wanu,
Anderson


Kumtunda kwa Kapichira
24 Sepitembala, 1922

Achemwali,

Mayo ine! Kalata yanu ya Ogasiti yangondipeza lero. Idapita ku Blantyre, idagona kumeneko, ndiye yabwera ndi amtengatenga a zakudya za alendo. Ine sindimadziwa kuti alamu adachoka. Sindimadziwa za pabwalo.

Pali kalata yanga yochokera kwa Maseya. Ngati siidafike, ikafika muitenthe osatsegula. Ngati yafika koma siidawerengedwe, aphunzitsi a Geresomo, ndikukugwirani mwendo, werengani nokha mpaka pamapeto musanatsegule pakamwa. Ngati idawerengedwa kale, achemwali, musawasiye ababa okha. Bisani nkhafi. Bwato laling'ono lija likokereni kumtunda, ngakhale kuliboola, ndidzasema lina. Auzeni kuti ndidalemba zabodza, ndidali ndi mkwiyo, lamulo lotere kulibe. Auzeni kuti ndavomera, ndikubwera kudzawapalasira. Ndikunena zoona, ndidzapalasa.

Ndapempha kuti ndinyamuke lero, bwana wati ndidikire tifikitse alendo ku Chiromo, chifukwa njira ya m'tchire muno akudalira ine. Ndikadathawa, koma angandigwire pa dooko. Kalatayi ndapatsira mtengatenga wobwerera, ndamupatsa bulangete langa kuti asagone panjira.

Luisa ali bwanji? Priska? Ababa ali kuti pamene mukumva mawu awa? Ayang'aneni, ali pomwepo?

Anderson


Kwa Mlolo
8 Okutobala, 1922

Anderson, mwana wa amayi anga,

Kalatayi ikudikira ku Chiromo, akupatsa ukangotsika m'bwato. Ndikufuna umve kwa ine usanamve kwa anthu a padooko. Khala pansi.

Ababa tidawaika m'manda.

Kalata yako ya kwa Maseya idawerengedwa pabwalo. Aphunzitsi amawerenga liwu ndi liwu, chala chili pa mzere, sayang'ana kutsogolo. Atafika pa za lamulo, ababa adakweza dzanja, adati bwerezani pamenepo. Adabwereza. Atafika pamapeto, pomwe udati ababa asauzidwe, aphunzitsi adangoima kukamwa yasa. Ababa adaseka pang'ono, adati, mwanayu amandiyesa khanda. Aphunzitsi akulemba izi akulira, akuti akadadziwa akadalumpha. Ndawauza kuti madzi akatayika sawoleka, alembe basi.

Sabata imeneyo ababa adali munthu wina. Adafolera denga langa pomwe pankadontha. Adamusemera Priska kampando. Adadya, adacheza, adaimbira ana nyimbo za aphodzo zomwe ine ndidazimva komaliza ndili mtsikana. Ine wopusa ndidakondwa, ndidati mtima wawo wakhala pansi.

Lachisanu m'mawa, dzuwa litakwera ndithu, tili ku dimba ndi akazi anzanga, tidaona bwato laling'ono likutuluka m'bango. Adali ababa, okha, chiimirire, akupalasa mosafulumira. Mkondo adausiya pa tsindwi, ulipo mpaka lero. Ya khutu lodukaduka ija idali pakati pa dziwe, kamwana kake kali chapatali pang'ono. Anderson, ndani adatiphunzitsa tili ana kuti bwato silidutsa pakati pa mvuu ndi mwana wake? Adalunjika pomwepo. Ndidakuwa, ababa! ababa! mpaka mawu adanditha. Adamva, ndikudziwa kuti adamva, koma sadacheuke. Zinazo sindinena. Amuna adawavuula m'bango masana.

Ku boma kudapita mawu oti nkhalamba yachita ngozi. Aphunzitsi adawaika ndi mapemphero onse, adati za mumtima mwa munthu amadziwa ndi Mulungu. Mawa lake asilikali adabwera, adaiwombera ija pamaso pathu. Zinzake zidasamukira ku Shire sabata isanathe, monga ndidakuuzira poyamba paja. Kamwana kadazungulira dziwe kakulira, kenako kadatsatira. Kadandimvetsa chisoni, ndidadabwa nazo ndekha.

Kalata yako yoti tibise nkhafi idafika titameta kale.

Chimanga chacha. Palibe chomwe chalowanso m'dimba. Ana akuotcha chachiwisi, mapazi a Luisa aphwa, Priska wayambanso kulira ndi kuvuta. Ine ndikachiika pakamwa sichitsika, koma ndimadya, chifukwa ndikudziwa mtengo wake. Alendo ako ukabwera nawo akakwere pa chulu. Thabwa lidakalipo, madzi ali phee.

Sindikukutukwana. Ndayesa, mkwiyo ukukana kukhala pa iwe wekha. Wopempha ndidali ine, wolozera iwe, wowerenga aphunzitsi, ndipo ababa adasankha okha. Koma pali chimodzi chomwe ndidachita, uchidziwe usanafike.

Nyama ya mvuu ija asilikali adatisiyira, ndipo mudzi udadya, njala ilibe manyazi. Akuluakulu adati ngakhale idagwa ndi mfuti, mwini wake ndi Hilario, igawidwe mwa mwambo wa aphodzo. Gawo la wobaya adapereka kwa ine ndi ana. Atafika pa gawo la wopalasa adayang'anana, adati ili lilibe mwini, munthuyu adapita yekha. Ine ndidaimirira, ndidati lili ndi mwini, ababa adali ndi mwana wamwamuna, ndipo m'mawa umenewo malo a kumbuyo kwa bwato adali ake.

Nyama ya gawo lakolo ndidaiyanika ndekha, ili pa nsanja m'nyumba mwawo. Palibe waikhudza. Uvule yunifolomuyo ku Chiromo, ubwere udzadye.

Mlongo wako,
Filomena